ALENDO AFUNA KUONA GULE NDI MAPIRI ATHU: AWAPEREKEZE NDANI?

Zaka ziwiri zapitazo, m'mwezi wa Seputembala, tinali pa maliro a mkulu wina m'mudzi woyandikana ndi wathu, kuseri kwa mapiri a Katete. Malemuwo sanali a mpingo wathu, anali munthu wa kubwalo, koma maliro ndi kulirana, ndipo ana ao awiri timapemphera nao. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi azibambo anzathu. Dzuwa litapendeka ng'oma zinalira, zilombo zinatuluka kudzaperekeza mnzao monga mwa mwambo. Pa nthawi yomweyo panaima galimoto yoyera. Munatuluka azungu anai ndi mnyamata wina wa kutauni wobvala magalasi akuda. Sanapite kwa anyakwawa. Sanakagwade kusiwa. Anangolunjika pabwalo, makamera ali m'manja.

Cizungu cimene tinaphunzira kuseminale cinatipweteka tsiku limenelo, cifukwa tinamva zonse zimene mnyamatayo anali kuuza alendo ake. Anati awa ndi anthu opembedza mizukwa, ndipo akubvina kuti apirikitse mfiti imene yapha munthuyu. Anati aliyense ajambule mmene afunira popeza zonse analipira kale. Mai wina wacizungu anafika mpaka pakhomo la siwa ndi kujambula anamfedwa ali ndi misozi. Atakhutira anabwerera kugalimoto, ndipo tinaona ndi maso athu akumuwerengera mnyamatayo ndalama m'manja. M'mbale ya cipepeso simunagwe ngakhale ngwee imodzi. Anyakwawa atafunsa kuti alendo aja ndi a yani, panalibe wodziwa.

Azungu aja sitikuwaimba mlandu waukulu. Anauzidwa kuti zonse ndi zokonzedwa ndipo anakhulupirira. Cimene catipangitsa kulemba ndi cakuti alendo otere adzabwerabe, ena ocokera kunja, ena ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo nkhani yakuti awaperekeze ndani, awaonetse ciani, nanga ndalamazo zigwere m'thumba la yani, sitinaikambirane m'midzi mwathu. Tikacedwa, ena adzatikambira.

Ambiri a ife timayesa kuti zoti mlendo aone zili ku Livingstone ndi ku Mfuwe cabe. Si conco. Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti ku Mkaika kumadzaza anthu ocokera m'Zambia muno, ku Malawi ndi ku Mozambique, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu amanena za mmene madera ao alili ndi kupereka mphatso, anamwali amatuluka, gule amabvina mpaka fumbi kuphimba dzuwa. Mwambowu boma la atsamunda linauletsa m'zaka za m'ma 1930, ndipo unadzutsidwanso mu 1984. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi cimodzi mwa cuma ca mtundu wa anthu onse coyenera kusungidwa, ndipo mu 2007 atsogoleri a maiko atatu anakhala pa bwalo limodzi ku Mkaika, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza. Koma Kulamba ndi sabata imodzi pa caka. Lolemba lotsatira misasa yaphwasulidwa, ogulitsa zitumbuwa ndi nyama yoocha apita, patsala mapepala ndi mabotolo. Nanga masabata ena 51?

Tauni ya Katete ili m'tsinde mwa mapiri a miyala. Mphangwe, limene wailesi yathu inatengako dzina, ndi Kangarema, akatswiri amati amafika mamita pafupifupi 1,600 kuyerekeza ndi nyanja ya mcere. Ife timawaona ngati kotola nkhuni, bowa ndi masuku. Koma munthu wa ku Ulaya amene amakhala m'nyumba zosanja akhoza kulipira kuti angoyenda pansi kucoka m'mamawa kufikira masana, akafike pamwamba ali wefuwefu, akhale pa mwala ndi kuyang'ana minda ya thonje ndi mpendadzuwa, midzi, ndi msewu wa ku Chanida ukulowera ku Mozambique. Zimatiseketsa ife amene timayenda pansi cifukwa njinga yaphulika, koma ndi zoona.

Ndipo m'mapanga a m'mapiri a cigawo cino muli cinthu cimene ngakhale ena obadwira kuno sanacionepo, ndico zojambula za makedzana pamiyala. Zilipo pa Mkoma, pakati pa Katete ndi Chipata, pa Makwe kum'mwera kwa Katete, pa Thandwe kufupi ndi Chipata, ndi pa Kalemba m'boma la Chadiza. Katswiri wofukula zakale, David Phillipson, anakumba pa Makwe, pa Thandwe ndi pa Kalemba m'zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, ndipo pa Kalemba anapeza kuti anthu anali kukhala m'phangamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Zojambulazo zili mitundu iwiri. Pali zofiira, za mizere ndi timabwalo, zimene ndi zakale kwambiri ndipo amati anajambula Akafula, anthu aafupi aja a m'nthano za agogo, Amwandionerapati. Pali zoyera, zopaka ndi cala, zimene anajambula makolo athu Acewa. Zina mwa zoyerazi zimakhudza cinamwali ca atsikana, zina zimaonetsa zilombo za gule. Ku Malawi, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, malo 127 a zojambula za mtundu womwewu anawaika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse mu 2006. Manja amene anajambula kumeneko ndi amene anajambula kuno ndi a mtundu umodzi; malire anadza pambuyo. Kuno kwathu malowa ali m'manja mwa bungwe la boma la National Heritage Conservation Commission, ndipo lamulo limaletsa kuwaononga. Koma tinalowapo m'phanga lina lopanda cikwangwani, tinapeza abusa a ng'ombe akhala akusonkhamo moto woocha mbewa, mwaye waphimba theka la zojambula, ndipo pa theka lotsalalo ana a sukulu alembapo maina ao ndi makala.

Kuyenda pansi ndi alendo si nchito yacilendo m'cigawo cino. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ku cigwa ca Luangwa kuti apatule malo a nyama, amange msasa wa alendo, ndipo ndalama zolowa zipite kwa anthu a mfumuyo. Kucigwa komweko ndi kumene kunakulira maulendo oyenda pansi kukaona nyama, amene South Luangwa imachuka nao. Woperekeza alendo kumeneko, amene amamucha gaidi, samangodzuka ndi kuyamba nchito. Amalemba mayeso, ayenera kudziwa mitengo, mbalame, mapazi a nyama, ndi cocita munthu akabvulala. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu a mudzi wa Kawaza ku Mfuwe, musausokoneze ndi Mfumu Kawaza yathu ya kuno, anayamba kulandira alendo kudzagona m'nyumba za udzu, kudya nsima ndi kupita kumunda, ndipo gawo la ndalamazo linathandiza sukulu yao. Kuno ku Katete a Tikondane, pafupi ndi cipatala ca St Francis, anayamba kutengera alendo kumidzi pa ngolo ndi kukwera nao mapiri. Koma magalimoto ambiri a alendo amangodutsa pa msewu wa Great East, kuima pa Sinda kapena pa Katete Stores kugula nthoci ndi kuthira mafuta, ulendo wa ku Chipata ndi Mfuwe.

Tsono tikutengereni kutali pang'ono, cifukwa kuli alimi anzathu amene anayenda kale njira imene ife tikuiyamba, ndipo anapunthwa m'malo amene ife tisanafikepo. Dziko la Indonesia ndi la zilumba zikwizikwi. Pa cilumba cina cacikulu cochedwa Sulawesi, m'mapiri, mukhala mtundu wa Atoraja. Amalima mpunga m'minda yosemedwa m'mbali mwa mapiri ngati makwerero, amalima khofi, amaweta nkhumba ndi njati zofatsa zimene kwa iwo zili ngati ng'ombe kwa ife. Nyumba zao za makolo, zochedwa tongkonan, zili ndi madenga opindikira m'mwamba mbali zonse ziwiri ngati bwato, ndipo kutsogolo kwake amakhomako nyanga za njati zimene zinaphedwa pa maliro a banjalo. Ambiri mwa iwo ndi Akhristu. Amishoni a Ciprotestanti ocokera ku Holland anafika kumeneko mu 1913, ndipo Akatolika aliponso, koma miyambo ya maliro sanaitaye.

Maliro aowo ndiwo amakoka alendo. Munthu akamwalira samuika msanga. Amakonza thupi kuti lisaole ndi kulisunga m'nyumba miyezi, nthawi zina zaka, akumuchula kuti wodwala, kufikira abale atasonkha cuma cokwanira. Tsiku likakwana amamanga misasa ya nsungwi, anthu mazanamazana amasonkhana masiku angapo, njati ndi nkhumba zimaphedwa zambiri, ndipo nyama imagawidwa motsata ulemu wa munthu aliyense. Ena amaikidwa m'mapanga osemedwa pa thanthwe lalitali, ndipo panja pake amaimikapo cosema ca mtengo coimira malemuyo, cochedwa tau-tau, atacibveka zobvala.

Alendo a ku Ulaya anayamba kufika m'zaka za m'ma 1970. Mu 1984 boma la Indonesia linalengeza kuti dera la Atoraja ndilo loyamba pa malo okopa alendo m'cigawo cao. Makampani anayamba kugulitsa maulendo a masiku angapo, ndipo akugulitsabe: kutsika ndege mu mzinda wa Makassar kugombe, kuyenda pa galimoto tsiku lathunthu kufika ku tauni ya Rantepao, kuona nyumba, manda ndi maliro, kenaka kuyenda pansi m'minda ya mpunga ndi kugona m'midzi ya m'mapiri. Ndalama zinalowa, mahotela anamangidwa, osema ndi oluka anapeza msika, ndipo mtundu umene anzao a kugombe anali kuunyoza kuti ndi wotsalira unadziwika dziko lonse.

Koma tamverani zimene zinatsatira. Ambiri mwa operekeza alendo anali ocokera kugombe, anthu a mtundu wina ndi cipembedzo cina, amene anali kufotokoza miyambo ya Atoraja mmene afunira, ndipo phindu lalikulu anali kubwerera nalo kumzinda. Zosema zija za tau-tau zitachuka, mbala zinayamba kuziba usiku ndi kukazigulitsa kwa ogula zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America. M'zaka za m'ma 1980 zinabedwa zambiri, mwakuti mabanja ena anatsitsa zotsala ndi kuzibisa. Taganizani kupita kumanda kwa agogo anu ndi kupeza cithunzi cao palibe, cili m'sitolo ya kutsidya la nyanja, atacipacika mtengo wake pakhosi. Mu 1985 boma la cigawo linasankha midzi ndi manda 18 kuti akhale malo oonetsa alendo, ndi kuletsa eni ake kusintha nyumba ndi manda ao, cifukwa mlendo afuna kuona zakale. Munthu wakolola khofi, wapeza ndalama, afuna kukonza nyumba ya makolo ake mmene akufunira, auzidwa kuti ai. Mu 1987 anthu a mudzi wa Ke'te' Kesu' ndi midzi ina anatseka zipata kuti alendo asalowe. Anatsegula patangopita masiku ocepa, popeza anali atazolowera kale ndalama za alendo ndipo sakanatha kukhala popanda izo. Kenaka mabvuto a zacuma ndi andale a mu 1998, ndi mabomba amene anaphulika pa cilumba ca Bali mu 2002, anathawitsa alendo ambiri, ndipo amene anali atasiya khasu anabvutika koposa.

Pali cimodzi cimene Atoraja anacigwira bwino, ndipo tiyenera kucinena. Mlendo wopita ku maliro ao amapita ngati wolira, osati ngati woonera mpira. Womuperekeza amamuuza kuti abvale zakuda kapena zosawala, anyamule mphatso ya banja monga shuga, akhale pamene amulozera, alandire khofi amene amupatsa. Banja limadziwa kuti wabwera ndi yani. Mnyamata wa magalasi akuda uja akanacita ngakhale izi zokha, anyakwawa sakanafunsa funso lija.

Komabe maliro athu si a Atoraja. Kwao kuculuka kwa alendo, ngakhale azungu, kumakweza dzina la banja, ndipo amakhala atakonzekera miyezi yambiri. Kwathu munthu wamwalira dzulo, bala likadali laliwisi. Ife tikuona kuti siwa ndi manda zisalowe pa mndandanda wa zoonetsa, pa mtengo uliwonse. Mlendo amene ali bwenzi la banja abwere adzalire nafe, kamera aisiye m'cikwama.

Za gule ndiye zofuna kukhalira pansi. Gule ali ndi mbali ziwiri. Pali za pabwalo, zimene mwana, mai ndi mlendo amaona ndi kusupa. Pali za kudambwe, zimene si za m'nyuzipepala. Ndalama ili ndi mphamvu yosuntha malire amenewa pang'onopang'ono, popanda wina kuzindikira tsiku limene anasuntha. Lero mlendo alipira kuti aone kubvina. Mawa wina aonjeza kuti ajambule cilombo cisanafike pabwalo. Mkuca wina afuna kugula nkhope yeniyeni, yakale, imene yabvinapo pa maliro ambiri, kuti akaipacike pa cipupa kwao. Mnyamata wosowa ndalama ya fataleza m'mwezi wa Novembala mudzamuletsa ndi ciani, ngati akulu a mzinda sananene kalikonse poyamba? Tau-tau anapita conco. Ndipo gule woitanidwa kuti abvine Laciwiri masana cifukwa galimoto yafika, kwa mphindi makumi awiri, popanda maliro, popanda cinamwali, popanda kulonga mfumu, amasanduka cinthu cina. Ku Malawi a Chewa Heritage Foundation akhala akudandaula za gule wobvina pa misonkhano ya ndale ndi wopempha ndalama m'misewu. Sitikuti alendo asaonetsedwe konse. Tikuti onena ndi eni mzinda ndi mafumu ao, osati mwini galimoto.

Ena a inu mudzafunsa kuti katekisiti walowa bwanji m'nkhani za gule. Mbiri tikuidziwa. Kuyambira pamene amishoni anafika, mpingo ndi nyau zinalimbana kwambiri, makamaka pa ana a sukulu ndi pa maliro, ndipo m'mabanja ena zipsera zikadalipo. Sitikulemba kuti mkhristu akalowe kudambwe; nkhani imeneyo ili ndi malo ake. Koma amai amene anajambulidwa ali ndi misozi aja ndi amai a akhristu athu, ndipo bodza limakhalabe bodza ngakhale linenedwe m'Cizungu. Ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, Bambo Claude Boucher, wansembe wocokera ku Canada wa cipani ca White Fathers, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. M'nyumba ya Chamare kumeneko muli nkhope za gule mazanamazana, iliyonse ndi tanthauzo lake. Mlendo amatulukamo akudziwa kuti Cadzunda, Kasiyamaliro ndi Njobvu si mizukwa yopirikitsa mfiti, koma kuti m'gule muli malangizo, cidzudzulo ndi kuperekeza akufa. Woperekeza wodziwa angamuuzenso mlendo wake kuti Simoni wa nkhope yofiira uja ndi mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo Maliya ndi mmene makolo anaonera zimene amishoni anabweretsa. Makolo athu anayamba kujambula azungu kale kwambiri, azunguwo asanabwere ndi makamera.

Ndiye woperekeza akhale ndani? Akhale wa m'mudzi momwemo, wodziwika kwa anyakwawa ndi kwa mfumu, amene akalakwitsa tidzadziwa khomo lokagogoda. Tili ndi acinyamata ambiri amene anatsiriza Giredi 12, Cizungu amacilankhula, koma amangokhala pa sitolo kudikira dzuwa lilowe. Cizungu cokha sicikwanira. Mnyamata wa magalasi uja anali naco cambiri. Ayende awiri, mkulu wodziwa ndi wacinyamata womasulira, ndipo onse awiri alandire malipiro. Mkuluyo ndiye adziwa kuti uwu ndi mlombwa, uwu ndi msolo, uwu ndi mombo wa luzi, kuti kasupe uyu sauma ngakhale mu Okutobala, kuti pamwala apa makolo anali kubisalapo nthawi ya nkhondo za Angoni, kuti njira iyi sitidutsa cifukwa kuli manda. Wacinyamata akamasulira zimenezi caka cimodzi, caka cotsatira zili m'mutu mwake. Ndi sukulu imene tikanayenera kukhala nayo ngakhale popanda mlendo.

Pano pali msampha umene makolo a ku Katete ndi ku Sinda ayenera kuuona. Odziwa njira za m'mapiri koposa onse ndi abusa a ng'ombe, tianyamata tija timene timaweta ng'ombe za eni zaka zingapo kuti tidzalandire kang'ombe kamodzi, anzao ali m'kalasi. Mlendo akapatsa mmodzi wa iwo ndalama ya pepala cifukwa wamuonetsa phanga, mawa lake ana asanu a Giredi 5 sadzapita kusukulu, adzakhala pa mphambano kudikira galimoto yoyera. Gawa Undi walankhula kambiri kuti ana akhale pa sukulu, asasokonezedwe ndi dambwe kapena maukwati. Nchito ya alendo isakhale cobera cina cacitatu. Mwana asaperekeze mlendo, ndipo mlendo auzidwe asanatsike m'galimoto kuti masiwiti ndi ndalama sapatsa ana m'manja. Ngati ali ndi mtima wothandiza, ahedi a sukulu alipo.

Za ndalama tinene mosabisa, cifukwa ndi pamene zinthu zathu zambiri zimafera. Tonse tikudziwa makoparetivu amene anayamba ndi nyimbo ndi kutha ndi msungicuma atasamukira kutauni. Mtengo ugwirizanidwe mlendo asanafike. Ndalama iperekedwe poyera, pamaso pa anyakwawa, ilembedwe m'buku, ndipo iwerengedwe kwa anthu onse monga timawerengera copereka ca Lamulungu m'chalichi. Pogawa tisaiwale azimai. Gule sabvina popanda azimai oimba ndi kuomba m'manja, koma kawirikawiri zosupa zimathera kwa oimba ng'oma ndi akulu a bwalo, amai abwerera kunyumba ndi fumbi kumutu. Gawo lina litsale la mudzi, lokonzera mjigo ukaonongeka, kuti ngakhale nkhalamba imene sinaone mlendoyo imwe madzi ake.

Kwa inu alimi anzathu, nyengo yake ikutikomera. Alendo oyenda pansi amakonda kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, kunja kukuzizira, njira zitauma, ife titakolola. Sikulimbana ndi kupalira. Cakudya cimene afuna ndi cimene tili naco kale: nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera nshawa, nyemba, nkhuku ya kumudzi, mbatata yoocha, thobwa. Musabvutike kugula zam'zitini, anazisiya kwao. Cimene sangapirire ndi cimbudzi copanda citseko, madzi osawiritsa ndi kugona popanda neti, ndipo zitatu zimenezi ana athu omwe akuzifuna. Koma khasu musaliponye. Mu 2020 matenda a korona atatseka maulendo a ndege, ku Mfuwe malo ogona alendo anakhala opanda anthu miyezi yambiri, ndipo amene anali ndi munda ndiwo anadya. Ndalama ya alendo ndi ndiwo, nsima ikhalebe ya kumunda.

Tisaiwalenso kuti phiri lometedwa palibe angalipire kulikwera. Mitengo ya m'mbali mwa mapiri athu ikutha ndi makala, ndipo moto wosaka mbewa umapsereza zotsala caka ndi caka. Woocha makala sacita cifukwa ca nkhanza, afuna sopo ndi ndalama ya sukulu. Akaona kuti mtengo woima ukumubweretsera kanthu, ngakhale kocepa, mwina nkhwangwa idzapuma.

Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012. Sinda ili pa msewu waukulu, ndipo m'dera limenelo Acewa amakhala moyandikana ndi Ansenga a kwa Nyanje, amene ali ndi miyambo yao. Kumeneko alendo sadzacedwa kufika, ndipo malamulo a m'midzi afunika msanga. Vubwi, kwa Mfumu Pembamoyo, yagundana ndi Malawi ndi Mozambique yomwe, mapiri ndi ambiri, ndipo munthu akhoza kudya nsima m'dziko lina ndi kukagona kwa amalume ake m'dziko lina. Kuli kutali ndi msewu wa Great East ndipo alendo safikako kawirikawiri. Abale athu a ku Vubwi amadandaula nazo, ndipo mpake, koma pa nkhani iyi yokha kutalikirako kwawapatsa nthawi imene Atoraja sanakhale nayo, yokhala pansi ndi mfumu ndi kugwirizana zololedwa ndi zoletsedwa galimoto yoyamba isanafike.

M'mudzi muja munacitikira maliro, m'meto utatha anyakwawa anaitanitsa msonkhano. Anagamula kuti mlendo aliyense ayambe wafika pakhomo pao, ndipo kuti pa maliro sipadzajambulidwanso kanthu. Anasankha anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi otsiriza sukulu kuti aziyenda ndi agogo ena a m'mudzimo, amene maondo ayamba kuwakana koma phiri lonse lili m'mutu mwao. Tinapita nao ulendo woyamba m'mwezi wa Julaye, acinyamatawo atanyamula kope ndi bolopeni. Tinatenga maola atatu kufika pa phanga limene mnyamata wamphamvu akanafika m'ola limodzi, cifukwa agogowo anali kuima pa mtengo uliwonse. Anationetsa zojambula zofiira, nati izi muonetse aliyense, koma asakhudze ndi manja ndipo asathirepo madzi kuti zioneke bwino pa cithunzi. Pobwerera mmodzi wa anyamatawo analoza thanthwe lina kumtunda, nafunsa ngati kulinso phanga. Agogowo anati lilipo, koma iwo sanalowemo cibadwire, ndi la azimai. Anatembenukira kwa mtsikana uja nati akafunse kwa anamkungwi, ndipo zimene akamuuze asazilembe m'kopemo.